Magazi Awiri, Fupa Limodzi

"Malovu anuwo atiphetsa m'nyumba muno, Amayi! Ndani amene sakudziwa kuti mumalavulira mikanda ya anthu?"

Amene ankandikalipira chonchi ndi mwana wanga wamkazi, woyimba kwaya uja, amene ndinamupukuta mamina mpaka anamera mawere. Anaima pakhomo la chipinda chotungira mikanda, nsapato osavula, chikwama chili m'khwapa ngati wabwera kudzalanda katundu.

"Kulavula ndi kunyowetsa n'zosiyana," ndinatero ine. "Ulusi wa nayiloni ukapanda kuunyambita mfundo yake imamasuka. Manja akowo akanakhala kuti amagwira china kupatula kuomba m'tchalitchi, ukanadziwa."

"Nanga magazi aja? Mafupa aja? Zili m'mafoni a anthu onse!"

"Alamu, takhalani pansi tikambe bwino," anatero mpongozi wanga.

"Inu musandilankhule. Ndinu munabweretsa tsokali ndi tizidole tanuti."

Mpongozi wangayu, mkazi wa mwana wanga wamwamuna, anthu anamupatsa dzina loti Namikanda. Poyamba ankangotunga zovala yekha m'khosi, ine n'kumamunena kuti mkazi wanji wongokhalira kutola timiyala ngati nkhuku. Koma azimayi atayamba kugogoda kufuna ndolo ndi zibangili, chipinda chosungira makasu ndi njinga yakufa chinasanduka shopu. Tebulo pakati, timabotolo ta mikanda pawindo, pulayala, ndi chitini cha timbedza tokolowekera ndolo m'makutu. Maoda atachuluka anandipempha kuti ndizimuthandiza. Maso anga singano saiona, koma zala zanga zimaona, ndipo mfundo yanga ngakhale mwana aikoke ndi mano siimasuka.

Ine kusukulu sindinapondeko. Mikanda ndimaitchula mwanga. Yofiira ndi magazi, yoyera ndi mafupa, yakuda ndi mdima. Potunga ndimang'ung'udza kuti ndisasokoneze: magazi awiri, fupa limodzi, mdima. Magazi awiri, fupa limodzi, mdima. Tsiku lina Namikanda anandijambula kanema pafoni ndikung'ung'udza choncho, kuti atsatse malonda. Ine kufuna kuonetsa luso ndinanyambita ulusi, kumanga, kukoka, n'kuiuza foniyo kuti, "Izi si zoseweretsa, n'zokhwima izi. Wavala wavala, savulanso." Anthu anaseka, maoda anabwera.

Ndiye mayi wa saluni wa kutsidya kwa msewu anagulira mwana wake wamkazi ndolo. Makutu a mwanayo anatupa ngati a nkhumba, mafinya tsetsetse, thupi kutentha, mpaka anamugoneka m'chipatala. Kanema yemwe uja anayambanso kuyenda m'mafoni, koma tsopano palibe ankaseka.

"Lamulungu likubwerali mupite kutsogolo mukagwade," anatero wakwaya uja. "Abusa akusanjikeni manja anthu onse akuona. Mitima ya anthu igwa pansi."

"Ndikagwadire chiyani? Wopemphereredwa ufiti ndi mfiti. Ukufuna ndikavomere ndi mawondo zimene pakamwa panga pakana?"

"Ukayenda siya phazi, Amayi. Inu munasiya mlomo, ndiye taonani ukutitsata. Ine kukwaya andichotsa kutsogolo, andiimika kumbuyo kwenikweni."

"Akuchita bwino. Mawu ako aja amafunika kumveka chapatali."

Namikanda anabisa nkhope m'chitenje. Kaya ankalira kaya ankaseka, sindikudziwa. Nthawi yomweyo mwana wanga wamwamuna analowa kuchokera kushedi kwake kumene amawotcherera zitsulo. Mlongo wake anamulumphira.

"Achimwene, nyumbayi ndi yanu kapena ya akazi anu? Lankhulani!"

Iye anangoyang'ana zikhadabo zake. "Zitha izi," anatero. "Anthu amatopa."

Anthu sanatope. M'mawa mwake ndinapita kumpopi ndi kandowa kanga. Azimayi amene dzulo lake ankanditcha Agogo a mikanda anachotsa zidebe zawo pamzere, mmodzimmodzi, osalankhula. Ndinatunga ndekha ngati mkazi wa bwana. Kamtsikana kena kamene ndinakapangira chibangili chaulere kanandiona, n'kukuwa, n'kuthawa nsapato imodzi kuisiya m'matope. Pobwerera ndinayenda mothamanga, madzi theka anathera panjira.

Masiku otsatira mikanda inayamba kubwerera yokha. Ina tinkaipeza yaponyedwa kudumphitsa mpanda, ina ataitentha pamsewu, yasanduka phula lonunkha. Mwala woyamba unagwa pamalata dzuwa lili pamutu, ine ndikudya. Phoo! Ndinakankha mbale. Ndinakumbuka nkhani ya pawailesi ya gogo wina amene adzukulu ake omwe anamukokera panja. Ankati anali ndi zaka ngati zangazi, ndipo mlandu wake unali maso ofiira. Ndinakadziyang'ana pagalasi la makasitomala. Anga analinso ofiira. Ukalamba umenewu, amene anauyambitsa ndani?

Ine ndimakonda mkangano, sindibisa. Pabanja pakakhala zii ndimadwala. Koma mkangano umakoma mukamaonana nkhope. Uwu unali wa miyala yopanda mwini.

"Amayi apite kaye kwa ang'ono awo," anatero mwana wanga wamwamuna uja tsiku lina tili m'chipinda cha mikanda. "Mpaka mphepo idutse."

"Akathawa ndiye kuti avomera," anayankha Namikanda. "Ndipo panjira angafike? Anyamata a njinga zamoto aja ali pakona tsiku lonse."

"Ndiye ukufuna nyumba ipse?"

"Ndikufuna ndikamuone mwanayo kuchipatala. Ndikamve kwa anamwino chimene chatupitsa makutu."

"Usayerekeze!"

Anakuwa mpaka timabotolo tinanjenjemera pawindo. Mwana ameneyu chibadwire sakuwa. Ngakhale ali khanda ankalira ngati akupepesa.

"Bambo akuno, mukukalipa chiyani? Ndolo ndinagulitsa ndine."

"Ukakapita akakumenya. Ndaletsa, basi. Ndipo zinthu zonsezi ndikazitaya m'chimbudzi."

Anatambasula dzanja. Ine ndinkadikira kuti asesa tebulo lonse. Ayi. Analambalala mikanda, analambalala ulusi wanga wa malovu uja umene dziko lonse linkauopa, n'kunyamula chitini cha timbedza chokha. Pamene ankachinyamula ndinaona mkono wa ovolosi yake. Wowotcherera zitsulo amakhala wakuda ngati mphika. Koma pamkono pamenepo, ndi m'ming'alu ya chikhadabo cha chala chachikulu, munali penti wagolide.

Ndinamutsatira kuseri kwa nyumba, ndodo yanga ndikuinyamula m'mwamba kuti isagogode.

"Iwe, taima. Timbedza timeneto mkazi wako amakutuma kukagula kutauni, si choncho?"

"Eya."

"Tauni yake ndi kushedi kwako?"

Anayang'ana uku ndi uku. "Amayi, tsitsani mawu."

"Nditsitse mawu? Unabadwa ndikukuwa, ndipo lero undimva. Timbedzato wapanga ndi chiyani?"

"Ndi waya basi. Waya wa pa zitsulo zakale. Ndimaupinda bwinobwino, n'kupopera penti. Amafanana ndi ogula, ngakhale iyeyo sanazindikire."

"Ndalama zogulira zija?"

Sindinafunsenso, fungo la m'kamwa mwake la Loweruka lililonse linali litandiyankha kale.

"Mwana wa eni ake ali gone m'chipatala chifukwa cha waya wa padzala. Ine akundigenda. Ndiye iwe uli phee?"

Anandigwira dzanja. "Amayi, akadziwa andimanga. Shedi atentha. Bambo a mwana uja mukuwadziwa, amanyamula matumba a simenti awiri nthawi imodzi. Inu ndinu wamkulu, sangakuchiteni kanthu. Angolankhulalankhula, zitha."

"Sangandichite kanthu?"

"Pirirani pang'ono chabe. Chonde, Amayi. Ndine mwana wanu."

Ndinamuyang'ana. Mphuno ya malemu bambo ake, makutu anga. Paja amati nkhuyu zodya mwana zipota wamkulu, koma sindinkadziwa kuti mwanayo amachita kukupempha kuti zikupote. Anaponya chitini m'chimbudzi. Ine ndinabwerera m'nyumba, pakamwa panga pamene sipanatsekedwepo ndi munthu pali potseka.

"Amayi, mwatani? Nkhope yagwa," anafunsa Namikanda.

"Ndatani? Ndakalamba. Tunga mikanda yako."

Sabata imeneyo sindinatuluke. Namikanda ankanditungira madzi, ankandiperekeza ngakhale kubafa n'kuima pakhomo. Munthu amene ndinkamunena kuti ndiwo zake zimakoma ngati madzi otsukira mbale. Wakwaya uja ankangotumiza mawu pafoni ya mlamu wake: auzeni Amayi Lamulungu likadalipo.

Tsiku limene zinafika pamutu, Namikanda anavala m'mawa nati akukagula ulusi. Ulusi unali wodzaza kabati, koma ndinangoti pita. Chakumasana ndinamva phokoso kumsewu ngati kwagwa ngozi. Kenaka mawu a mzimayi: "Wamwalira! Mwana uja wamwalira!"

Ndani anabweretsa uthengawo, mpaka lero palibe amavomera.

Geti lathu ndi la malata, mwana wanga anawotcherera yekha. Linagwa kamodzi. Ndinasuzumira pawindo pakati pa timabotolo. Bwalo linadzaza. Anthu amene ndimawadziwa mayina a agogo awo. Wogulitsa makala, telala, azimayi a kumpopi aja. Kutsogolo kunali bambo a mwana wodwalayo, malaya ali pamapewa. Mnyamata wina wa njinga yamoto ankagubuduza tayala, mnzake atanyamula botolo. Fungo la petulo linalowa m'nyumba iwo asanalowe.

Ndikanama ndikati ndinalimba mtima. Chitenje changa chinanyowa, ndipo sanali malovu.

"Tulutsani gogoyo! Atiuze magazi awiriwo ndi a ndani!"

Wakwaya analowera khomo la kuseri akupuma ngati galu. "Amayi, tulukani mugwade! Nenani kuti mwalapa, mwina akumverani chisoni!"

"Achimwene ako ali kuti?"

Anali pompo, kuseri kwa chitseko, ataima ngati tsache. Ndinamuyang'ana. Anayang'ana pansi.

"Iwe," ndinatero chapansipansi. "Akubwera ndi tayala."

"Sangachite," ananong'ona. "Akungoopseza."

Windo linasweka. Timabotolo tinagwa, mikanda waa pansi ponse. Manja a anthu anandigwira, sindikudziwa a ndani, ndinangozindikira ndili pakhonde, mpango wagwa, imvi zili pamtunda. Dzuwa linandilasa m'maso. Wina anandikankha ndi bondo pamsana. Ndinkafuna kutukwana, lilime linali ngati chikopa chouma.

"Musiyeni! Ndati musiyeni!"

Anali Namikanda. Anadutsa pakati pa anthu akugunda ndi zigongono, nsapato zili m'manja, n'kudzaima kutsogolo kwanga. Kamunthu kochepa ngati kameneko.

"Mwana sanamwalire! Ndikuchokera komweko, ndamusiya akumwa tiyi ndi mayi ake. Bambo, imbani foni muwafunse akazi anu!"

Bambo uja anaima kaye. Anatulutsa foni n'kuimba. Anthu anachita kung'ung'udza. Tinamva tonse mawu a mayi wa saluni akuti, "Ali bwino, kutupa kukuphwa. Mwamva kwa ndani zimenezo?" Bambo uja anakhala pansi pa masitepe n'kugwira mutu.

Koma wa tayala uja sanafune kuti tayala lake libwerere chabe. "Kaya wafa kaya sanafe, anamulodza ndani?"

Namikanda anamasula nsonga ya chitenje natulutsa kapepala ka pulasitiki ka mankhwala. Munali ndolo ija. "Anamwino akuti ndi chitsulochi. Chinalowetsa dzimbiri pabala." Anawerama n'kukwecha kambedzako pa simenti ya khonde. Golide yense anachoka. Kunatsala waya wakuda, wodyeka. "Aka si kogula. Ine timbedza ndimatuma kutauni, tosachita dzimbiri. Amene ndimamutuma ali m'nyumbamu. Bambo akuno, tulukani."

Anthu onse anatembenukira kuchitseko.

"Tulukani, kapena ndilowe ndikutulutseni."

Anatuluka, akuterereka pa mikanda. Anaseka kuseka kopanda mano. "Mkaziyu wasokonezeka ndi mantha. Ine ndimagula kutauni. Amayi ndi mboni, amandiona ndikubwera nato. Amayi, tawauzani."

Maso onse anabwera kwa ine. Wakwaya anandinong'oneza kukhutu, "Chibale ndi fupa, Amayi, sichiola. Musapereke mwana wanu chifukwa cha mkazi wobwera."

Ndinayang'ana tayala lija. Ndinayang'ana mapazi a Namikanda, ong'ambika ndi kuthamanga. Ndinayang'ana mwana wanga, amene anamva fungo la petulo limodzi ndi ine n'kunena kuti akungoopseza. Malovu anabwerera m'kamwa.

"Ine za kutauni sindizidziwa, sindinaphunzire," ndinatero. "Tambasula manja ako, mwanawe. Anthu aone mkono wa ovolosi."

Anawabisa kumbuyo. Kubisako ndiye kunamugulitsa. Telala anamugwira mkono n'kuukweza m'mwamba. Golide anawala padzuwa.

Bambo a mwana uja anaimirira pang'onopang'ono. Chibakera chinali chimodzi chokha, koma chinamveka mpaka kumpopi. Anzake anamugwira asanabwereze. Ine ndinakuwa, "Basi! Mwamumenya, zakwana!" Musandifunse chifukwa chake. Mimba imene inanyamula munthu ndi yopusa.

"Nanga magazi aja?" anafunsa mzimayi wina kumbuyo, wosafuna kupita kwawo chimanjamanja. "Tinamva tokha. Magazi awiri, fupa limodzi."

Ndinawerama, msana ukulira, n'kutola mikanda imene inagubuduzikira pakhonde. "Awa ndiwo magazi. Ili ndi fupa. Uwu mdima. Bwera udzalawe, mwina unenepa, chifukwa kwanu zikuoneka kuti mphika umaphikira mwamuna yekha."

Wogulitsa makala anaphulika kuseka. Ena anatsatira, ena ayi. Wa tayala anagubuduza tayala lake kubwerera, akutiyang'anabe cham'mbali. Bwalo linatsala ndi geti lakugwa ndi nsapato za eni ake.

Musaganize kuti zinathera pomwepo. Mwana uja anachira, koma khutu limodzi linatsala ndi chipsera, ndipo mayi ake akationa amawoloka msewu. Kumpopi zidebe sazichotsanso, koma palibe amaika chake pafupi ndi changa. Alipo amene amanenabe kuti wayayo ndi waya, koma gogoyo anakhwima ndithu, apo ayi akanapulumuka bwanji? Maoda amabwera apo ndi apo, kuchokera kutali kumene kanema sanafike. Timbedza Namikanda amakagula yekha. Mawu oti kukhwima m'nyumba muno timangonenera maungu.

Wakwaya salankhula ndi mlamu wake, akuti anavula mwamuna pagulu. Salankhulanso ndi ine, koma zimenezo n'zopumitsa makutu. Mwana wanga wamwamuna amagona kushedi, salankhula ndi mkazi wake. Anatumiza telala kudzandiuza kuti mayi weniweni sakanatero. Ndinamubweza telalayo ndi mawu oti mwana weniweni akanatuluka kuseri kwa chitseko.

Dzulo mwana wangayo anadutsa pamsewu ine ndili pawindo latsopano ndikutunga. Anachepetsa liwiro. Ndinaona pakamwa pake pakufuna kutseguka. Ine ndinanyambita ulusi, kumanga mfundo, kukoka. Magazi awiri, fupa limodzi. Masiku ano ndimawerenga chamumtima, ndipo mwana ameneyo sindinamulankhulebe.